Mausi ya Mabowo ya ku Champhira

Ndinanyamuka kunyumba pa Mzimba Boma Loweruka cha m'ma seveni koloko m'mawa, laputopu ili m'chikwama, mtima uli m'mwamba. Mayi Nyirenda, amene timagwira nawo ntchito ya ukalaliki mu ofesi imodzi, anandiperekeza mpaka pa depoti akundiletsabe.

"Iwe mwana wa ku Dedza, munthu sunamuonepo nkhope, mbwenu ukukwera minibasi kupita kwawo? Chifukwa cha kachidole?"

"Si kachidole, amama. Ndi mausi."

"Mausi zadzaza mu ofesi muja. Tenga imodzi Lolemba."

Ndinalephera kuwafotokozera. Madzulo ndikaweruka ndimasewera masewera owomberana a pakompyuta, asanu mbali iyi, asanu mbali inayo. Anzanga a m'timu ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, timangokumana pa intaneti. Lamlungu lake tinali ndi mpikisano, ndipo matimu opambana amayenera kukakumana ku Lilongwe. Vuto linali mausi yanga, yopanda waya, yolemera ngati mwala wonolera mpeni. Ndikasuntha dzanja, iyo inkayamba yaganiza kaye. Kawiri konse batire inathera pakati pa nkhondo, anzanga n'kufa akundiyang'ana. Yamikani, mtsogoleri wa timu yathu, anandiuza mosapsatira kuti ndikapanda kupeza mausi yopepuka, ya waya, Lamlungu alowetsa wina m'malo mwanga.

M'masitolo a pa Boma munalibe. Kenako m'gulu lina la zogulitsa la pa foni munatuluka chithunzi cha mausi yakuda, yamabowomabowo pamsana ngati chisa cha njuchi, waya wake wofewa ngati chingwe cha nsapato. Wogulitsa anali Gondwe wa ku Champhira, mtengo K45,000. Ndinadabwa. Chinthu chotere chingapezeke bwanji pakati pa minda ya chimanga? Ndinamulembera kuti aitumize pa minibasi, ndimulipire pa foni. Anakana. Akuba onse amene ndikuwadziwa amafuna ndalama kaye, koma uyu anati ndalama sakuzifuna mpaka ndifike ndekha, andione. Zimenezi n'zimene zinandiopsa kwambiri.

Ndinapatsa Mayi Nyirenda nambala yake, tinapangana kuti ndiziwaimbira ola lililonse, ndipo ndinakwera.

Kondakitala anati K8,000 mpaka pa mphambano ya ku Champhira, nalumbira kuti tikunyamuka pompo. M'katimo munali anthu asanu ndi awiri. Patatha theka la ola, atatu mwa iwo anatsika n'kukakhala m'minibasi ina yopanda anthu: anali ongodzazitsa mipando kuti ife tikopeke. Tinachoka itadutsa eyiti, ndili pakati pa thumba la nyemba ndi bambo wina wachikulire wa jekete la buluu, amene anati ndi mphunzitsi wopuma ntchito ndipo akupita ku Jenda kukaona mwana wake.

Titalowa mumsewu waukulu wa M1 n'kuloza kumwera, tinayamba kutsatana ndi malole a matabwa ochokera ku Chikangawa. Loyamba linkakwera chitunda ngati nkhalamba, utsi wakuda uli tolotolo, fungo la paini likulowa pawindo. Dalaivala wathu ankasuzumira, kubwerera, kusuzumiranso, mpaka mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndapota, adada, tili na ŵana!" Tonse tinaseka, koma ine manja anali atagwira mpando.

Aphunzitsi aja anandifunsa chimene ndikukatenga ku Champhira. Ndinawaonetsa chithunzi. Anavala magalasi, nayang'anitsitsa.

"Chabooka kale ichi."

"Amachipanga choncho, bambo, kuti chipepuke."

"Ndiye mukulipira zambiri kuti akupatseni zochepa?" Anapukusa mutu. "Mwana wanga, ine wailesi ndimaigula poinyamula. Ikalemera, muli katundu. Ikapepuka, mwagula mphepo. Munthuyo wafika liti kuchokera ku Joni?"

"Sindikudziwa ngati anapitako."

"Kuno aliyense wogulitsa zachilendo anapitako, kapena akuti anapitako. Mukafunse risiti."

Pa Luviri tinaima kuti atsitse nyemba zija. Ndinagula chimanga chootcha cha K500 kudzera pawindo, ndipo ndinaimbira Mayi Nyirenda kuwauza kuti ndikadali moyo. Atangodula, uthenga wa Gondwe unalowa: "Mukatsika musafunse dzina langa kwa aliyense. Funsani golosale ya NyaMoyo." Chimangacho chinasiya kukoma. Munthu wosafuna kuti dzina lake litchulidwe kwawo komwe ndi munthu wotani?

Ndinatsika pa mphambano cha m'ma teni. Anyamata a kabaza anandizinga, aliyense akukoka chikwama. Ndinasankha bambo wooneka wamkulu pa onse, wa njinga yamoto yofiira, tinagwirizana K2,000. M'njira ndinaphwanya lamulo, ndinamufunsa ngati akumudziwa Gondwe.

"A Gondwe ŵanandi kuno, adumbu. Uti?"

"Wa kwa NyaMoyo."

Anazemba maenje angapo. Kenako anafunsa, "Ndinu a boma?"

"Ndimagwira ntchito pa Boma."

"Eya," anatero, nakanditsitsa pa golosaleyo.

Golosale ya NyaMoyo inali kachipinda kamodzi ka njerwa zootcha, sola ili padenga, patebulo pali sikelo, sopo, mafuta ophikira a m'timapepala ndi mabanzi. NyaMoyo mwini wake anali mayi wamfupi, wa maso akuthwa. Ndinapereka moni wanga wa Chitumbuka chophunzira, iye anayankha m'Chichewa, kusonyeza kuti wandizindikira kale.

"Ndinu amene mumaimbira amuna anga?"

"Ndi nkhani ya mausi, mayi."

"Mzimayi wa mausi." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. "Mwakwatiwa?"

"Ayi."

"Mumapemphera kuti?"

Ndinatchula mpingo wanga. Anafunsanso ngati ndine wapolisi, ndinakana. Anafuna kuona chiphaso changa cha kuntchito, nachiwerenga mbali zonse ziwiri. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ulendo wonse ndakhala ndikuopa anthu amene nawonso akhala m'mawa wonse akundiopa ine.

"Dikirani," anatero, nalowa kuseri.

Gondwe anatuluka patapita mphindi khumi. Anali wamtali, woonda, wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, atavala jekete ngakhale dzuwa linali litakwera. Kabokosi anakanyamula kumanzere. Dzanja lamanja linali m'thumba la jekete, ndipo popereka moni sanalitulutse, anangogwedeza mutu. Ndinayang'ana pakhomo kuti ndione ngati njira ili yotseguka. Ndinakhala pampando wapafupi ndi khomolo, chikwama chili pamiyendo.

"Risiti ilipo?" ndinafunsa.

"Inatayika. Papita zaka zinayi."

"Munaigula kuti?"

"Ku Joni."

Ndinakumbuka aphunzitsi aja. Gondwe anatsegula kabokosi ndi dzanja limodzi, akukanikiza ndi chibwano. Nditainyamula mausiyo ndinadzidzimuka: inali ngati chikungwa cha dzira. NyaMoyo anaitenga n'kuiika pa sikelo yake ya shuga, muvi sunasunthe n'komwe.

"Mwaona?" anatero. "Ine ndinawauza kalekale kuti anawabera. Mulibe kanthu umu."

Ndinayatsa laputopu patebulo la golosale, pakati pa mabanzi ndi sopo, ndikulumikiza waya. Inayaka. Ndinadina batani lakumanzere kambirimbiri kuti ndione ngati silidina kawiri palokha. Linali bwino. Koma nditaitembenuza ndinaona kuti timapazi take tapansi tinamatulidwapo, ndipo zomangira zake zinali zokandika. Mausiyi inatsegulidwapo.

"Iyi munaikonzapo," ndinatero. "Simunandiuze. Ndayenda ulendo wonsewu."

"Ndinasintha batani lakumanzere. Lakale linatha, ndinaikamo labwino kuposa loyambalo."

"Nanga n'chifukwa chiyani munakana kutumiza? N'chifukwa chiyani dzina lanu silitchulidwa? Ndi yanudi imeneyi?"

NyaMoyo anafuna kuyankha, koma mwamuna wake anamuletsa. Anafotokoza modekha. Chaka chatha anagulitsa kiyibodi yake kwa munthu wa ku Kasungu. Uthenga wa ndalama unalowa pa foni, iye n'kupereka katundu kwa kondakitala, koma uthengawo unali wabodza. Atadandaula m'gulu lija, munthuyo anabwera ndi anzake awiri odzitcha apolisi, akuti kiyibodiyo inali yakuba, ndipo anachoka ndi mahedifoni ake. Kuyambira pamenepo, mlendo aliyense wofunsa dzina lake, anthu a pamsika amamusocheretsa dala.

"Koma si zokhazo," anatero. "Ndimafuna ndione dzanja. Wina anabwera kuti akaigwiritse ntchito polemba makalata. Ndinamubweza. Sewerani ndione."

Netiweki ya pa foni inali yofooka, choncho ndinatsegula bwalo loyeserera, lowombera zidole. Ndinaphonya zitatu zoyamba. Mausiyo inkathamanga kuposa maganizo anga, dzanja langa linali litazolowera kukankha katundu.

"Mwaikweza kwambiri. Tsitsani liwiro, theka. Musasunthe ndi pamfundo pa dzanja, sunthani mkono wonse. Chotsani sopoyo, mukufunika malo."

Ndinamvera. Zinayamba kugwa, chimodzi, ziwiri, zisanu motsatizana. Waya sindinkaumva n'komwe. Gondwe anali atawerama pambali panga, akupumira m'mwamba ngati amene akusewera ndi iye.

"Ayi, ayi, mwaifinya! Si khasu limenelo. Zala zikhale chonchi."

Ndipo mosaganiza anatulutsa dzanja lija m'thumba kuti andionetse. Chala cholozera ndi chapakati panalibe. Panali timitu tiwiri tosalala, chipsera chikutsika mpaka pachikhatho. Anaika dzanjalo pamwamba pa mausiyo, pamene zala zikanakhala, ndipo timituto sitinafike pa mabatani.

Iye anayang'ana dzanja lakelo ngati walipeza kumene, nalibweza m'thumba.

"Macheka a ku Chikangawa," anatero NyaMoyo, mawu ake atafewa. "Atabwera kuchokera ku Joni anapeza ganyu yocheka matabwa. Mwezi wachitatu, basi."

Gondwe anandiuza kuti ku Joni ankagwira ntchito m'nyumba ya masewera a pakompyuta, kusesa ndi kukonza makina. Makasitomala akachepa, mwini wake ankamulola kusewera. Anafika poti anyamata a kumeneko ankalimbirana kuti akhale m'timu yawo. Mausiyi anaisungira ndalama miyezi itatu. Ngozi itachitika anayesa kusewera ndi dzanja lamanzere kwa chaka chathunthu, koma linakana kuphunzira.

Manyazi anandigwira. Ndinali nditakonzeka kutsitsa mtengo chifukwa cha zomangira zokandika zija, mawu ndinali nditawakonza kale. Sindinawatulutse. Ndinalipira monga ananenera, ndipo NyaMoyo ndiye analandira. Anandipatsa banzi ndi tiyi, nakana kuti ndilipire. Pamene mwamuna wake anapita kuseri kukafuna pepala lokulungira, anandinong'oneza.

"Itengeni ipite, asisi. Akaitulutsa m'bokosi, tsiku lonse sayankhula. Koma akanaipereka kwa munthu wamba, zikanawapweteka chomene."

Foni yanga inalira. Anali Mayi Nyirenda, akukalipa kuti padutsa maola awiri, ndipo anali atavala kale nsapato kuti apite kupolisi.

Gondwe anandiperekeza mpaka pamene pamaima a kabaza. M'njira ndinamuuza za mpikisano wa mawa lake. Nditakwera anangoti, "Mawa mukamaliza mundiimbire. Mupambane, mugonje, mundiimbire."

Pobwerera ndinapeza minibasi yochokera ku Jenda itadzaza kale, ndinakhala pa kathabwa pakati pa mipando. Kondakitala anati K9,000, chifukwa akuti ulendo wopita kumpoto ndi wokwera. Sindinalimbane naye. Chikwama ndinachikumbatira njira yonse. Lole lililonse la matabwa limene tinakumana nalo ndinkaliyang'ana mosiyana ndi m'mawa, ndikudzifunsa kuti matabwa amenewo adutsa m'manja angati, ndipo manjawo atsala ndi zala zingati. Ndinafika pa Boma cha m'ma folo, fumbi lili m'tsitsi.

Sindinganene kuti ulendowu unandiphunzitsa kusiya kukayikira anthu. Mkazi woyenda yekha amene sakayikira kanthu safika patali, ndipo Gondwe mwiniwake anaphunzira zimenezo ataluza katundu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu amene akubisa kanthu nthawi zina akungobisa pomwe pakumuwawa.

Lamlungu tinapambana masewera awiri, achitatu tinagonja. Ku Lilongwe sitinapite, koma Yamikani sanatchulenso zondichotsa. Cha m'ma faifi ndinaimba ku Champhira. Anayankha NyaMoyo.

"Mwachedwa," anatero. "Chibwerere ku tchalitchi angokhala pakhonde, chakudya chazizira."

Gondwe atatenga foni ndinamuuza kuti tagonja. Anati zimenezo wamva, koma si zimene akufunsa.

"Yambani ndi masewera oyamba," anatero. "Munaima pati? Anatulukira mbali iti? Musadumphe kanthu."

Ndinayamba kufotokoza. Mayunitsi anandithera tisanafike pa masewera achiwiri, ndipo pasanathe mphindi imodzi iye ndiye anaimba.