Chiwindi cha Che Hamudi

Ku Mbayani ukafuna nyama ya mbuzi ya halaal, aliyense amakulozera kwa Che Hamudi. Bambowa anakulira pa mpeni, ndipo anali ndi lamulo lomwe ngakhale akazi awo, mayi Zuleikha, analilephera: chiwindi chikapezeka ndi kabanga, chonse n'chotaya. Makasitomala ankachonderera kuti angowadulirako pabwinopo, iwo n'kumangopukusa mutu.

Chaka chatha anayamba kuwonda, kumanja kwa mimba kukuwalasa. Kuchipatala chachikulu anawatenga magazi, n'kuwajambula m'mimba. Dokotala, mayi wachitsikana wosachedwa kuseka, anawauza kuti ali ndi khansa ya m'chiwindi, yobwera ndi kachilombo ka hepataitisi B komwe mwina anakatenga ali khanda. Mwamwayi chotupacho chinali chimodzi, chaching'ononso. Pankafunika opaleshoni.

Che Hamudi anathokoza mwaulemu, n'kubwerera kunyumba kukagawira abale mipeni yawo ngati munthu wotsanzikana ndi dziko. Za opaleshoni sanafune n'kuzimva komwe. Mantha anali atawagwira zedi, kungoti munthu wamakani savomera kuti akuopa.

Mayi Zuleikha anachita kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika, mpaka kukawakhazika pamaso pa dokotala uja.

"Adokotala, musandinamize," anatero Che Hamudi. "Ineyo ziwindi ndiye ntchito yanga. Chikakhala ndi banga, mumachotsa chonse. Nanga munaionapo mbuzi ikuyenda yopanda chiwindi?"

Dokotala anagwira pakamwa kuti asaphulike ndi phwete. "Bambo, kuno si kubutchala. Tingodula mbali yodwalayo basi. Chotsalacho chimaphukira chokha."

"Kuphukira? Ngati kholowa?"

"Ngati kholowa. Bola muzimwa mankhwala a kachilomboka, muzibweranso kudzayezetsa, poti nthendayi nthawi zina imabwerera."

Che Hamudi anangoti kukamwa yasa. Moyo wawo wonse ziwindi ankaziona mbuzi itazingidwa kale, ndiye akanadziwa bwanji zomwe chamoyo chimachita? Mtima unakhala pansi, ndipo tsiku lomwelo anavomera.

Atatsitsimuka ku opaleshoni, anapapasa bandeji pamimba pawo mosakhulupirira, kenako n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Amake Ruqaya, ndilipo?"

"Mulipo," anayankha mayiwo akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Ndi makani anu omwe."