Sadaka ya pa Nyumba ya Miyala

Ndikukumbukira chaka chimene pakamwa panga padatsala pang'ono kugwetsa manda akale kwambiri kuposa mudzi wathu. Ndinali mu Sitandade 5, kamtsikana kolongolola, kokweza mkono m'kalasi funso lisanathe n'komwe. Ndinkakhala ndi azakhali anga, Abiti Saidi, m'mudzi wina wa pakati pa nyanja ndi mapiri, panjira ya ku Makanjira.

Azakhali ankasenza usipa wouma kupita nawo kumapiri kukasinthitsa ndi chimanga ndi nyemba, ndipo Loweruka ndinkawaperekeza. Njira yake inali chitunda chokhachokha, yodutsa m'mitengo ya masuku. Pamwamba penipeni panali chimene tinkachitcha Nyumba ya Miyala. Miyala itatu yaitali inali chiimire, wachinayi utagwa chammbali, ndipo pamwamba pake panagona chimwala chafulati, kukula kwake ngati mphasa ziwiri. Mkati munali zii, monunkha dothi lonyowa ndi zitosi za mileme. M'dothimo munali mapale a mbiya okhala ndi timizere timene woumba aliyense wa kwathu sankatidziwa, ndipo mvula ikakokolola pankaonekera tizidutswa ta mafupa. Ayao ankati anaipeza ili choncho. Anyanja a kugombe ankati nawonso makolo awo anangoipeza. Ena ankatchula Akafula, koma wotsimikiza panalibe. Azakhali akafika pamenepo ankatula dengu, n'kupereka salamu chapansipansi ngati akulonjera anthu ogona, kenaka n'kupuma.

Tsono inafika Sabata ya Achinyamata, sabata ija tinkasiya makope n'kugwira ntchito zachitukuko. Chaka chimenecho ntchito inali yomanga kamlatho pakhwawa la pafupi ndi sukulu, limene linkatitsekera njira mvula ikagwa. Kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, bambo wamfupi wa mawu aakulu, wosasiyana ndi baji pachifuwa. Anatiimika pamzere n'kufunsa kumene kungapezeke miyala ikuluikulu. Mkono wanga uja unali m'mwamba kale.

"Kuphiri kuli chimwala chafulati, bwana. Chokhacho chikhoza kukhala mlatho wonse!"

Anauza sukulu yonse kuti indiombere m'manja. Ha! Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Ndinapeza azakhali akupeta chimanga, ndipo ndinawafotokozera zonse, n'kuwonjezera ndi mchere womwe. Lichero linaima.

"Wati chiyani, Asiyatu?"

Ndinabwereza, koma mawu anali atayamba kuchepa.

"Iwe mwana, munthu wogona amamusasula denga?"

Sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Ndinaona ndekha chimene ndinachita: anthu amene anagona mwamtendere zaka zosawerengeka anali kudzasiyidwa pamtunda ngati agalu, chifukwa choti ine ndinkafuna kuomberedwa m'manja.

Akuluakulu ena anayamba kung'ung'udza, ndipo mawuwo anafika kwa a tcheyamani. Iwo analengeza pamsonkhano kuti manda amakhala ndi eni ake. Ngati mwini wa miyala ija alipo, aimirire anene pamaso pa anthu kuti akukana chitukuko. Anzanga a msinkhu wanga mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo masiku aja. Munthu wokana chitukuko ankatengedwa pa galimoto, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Aliyense anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anagwirizana zoti Lachinayi amuna adzakwera phiri ndi nyundo, kukaswa mwalawo pakati n'kuukoka.

Ndinalira mpaka maso kutupa. Azakhali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Misozi siimitsa nyundo. Akuti manda alibe eni? Tiwapezera. Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mphika usenza ndiwe."

Lachinayi m'mamawa azakhali anatsitsa mpunga umene ankasungira Idi, n'kugwira tambala wathu yekhayo, kuti akaphike sadaka, chakudya chokumbukira omwalira. Anaitana Shehe Jafali, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndi amayi atatu oyandikana nafe. Mmodzi mwa iwo, Mayi Mariya, anali wa tchalitchi, koma anangoti maliro alibe mpingo, n'kusenza nkhuni. Mphika unandikhadzula khosi chitunda chonse chija, koma sindinayerekeze kudandaula. Titafika tinalambula udzu, n'kusesa mozungulira miyala ija mpaka panayera ngati pabwalo la munthu waukhondo. Shehe anazinga tambala, moto unayaka, ndipo posakhalitsa fungo la mpunga ndi anyezi linadzaza phiri lonse.

Shehe anafunsa mayina a omwalirawo kuti awatchule m'duwa, pemphero lathu la Chisilamu. Azakhali anati Mulungu akuwadziwa, poti ndiye anawalenga.

"Nanga anali Asilamu?"

"Anali anthu, a Shehe."

Nkhalamba ija inakanda ndevu, n'kuyala mkeka wake.

Dzuwa lili paliwombo tinamva mawu kumunsi. Anatulukira amuna khumi, nyundo ndi zingwe pamapewa, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pawo a tcheyamani akubwera wefuwefu, malaya atamatirira pamsana. Anali atanyamuka osadya kanthu, ndipo ndinaona mphuno zawo zikufika pamphika maso asanafike pamiyala.

"Mwafika bwino, ana anga," anatero Shehe. "Khalani pansi. Pasadaka sitibweza munthu."

Kwathu kukana sadaka ndi mwano waukulu, komanso njala ija sinkalola kufunsa mafunso ambiri. Anaika nyundo pansi. Ine ndinazungulira ndi beseni ndi chikho kuwasambitsa m'manja. A tcheyamani anandizindikira n'kuseka. "Aa, kamtsikana kanzeru kaja!"

Anadya, abale inu, anadya! Ntchafu ya tambala inapita kwa a tcheyamani, ndipo anaitafuna mpaka fupa. Atatha, Shehe anakweza manja kupempherera ogona kuti manda awo akhale otakasuka, osasokonezedwa. Onse anatambasula zikhatho, a tcheyamani omwe, n'kuvomera kuti amina. Atapukuta kumaso ndi pamene a tcheyamani anakumbuka kufunsa.

"Kodi paja sadaka imeneyi ndi ya ndani?"

Azakhali anangondiloza ndi chibwano, monga tinapanganirana panjira. Ndinagwada, n'kuyankha.

"Ndi ya agogo athu agona m'nyumba iyi, bwana. Eni ake ndife."

Palibe anakana chitukuko, palibe anatchula mlatho. Koma aliyense pamenepo ankadziwa kuti wadya sadaka walira nawo maliro, ndipo amene walira nawo sangatembenuke n'kukafukula mandawo. Bambo wina anakankhira nyundo yake kumbuyo ndi chidendene. Wina anayamba kukulunga chingwe mwakachetechete. A tcheyamani anayang'ana zala zawo, mafuta a tambala akadali waliwali. Anayang'ana azakhali, azakhali n'kumatsuka mbale ngati sizikuwakhudza.

Kenaka a tcheyamani anaimirira, n'kuzungulira miyala ija kawiri manja ali kumbuyo. Anagogoda chimwala chija ndi chala, n'kutchera khutu ngati wogula mbiya.

"Mwala uwu ndi wofumbwa," anatero mokweza. "Ungatiphere ana pamlatho. Ndani ananena kuti ndi wolimba?"

"Ndine, bwana. Ndinalakwitsa."

"Ana a masiku ano, kulankhula osaganiza! Tiyeni, amuna inu, tikatole miyala ya mumtsinje."

Chiyambire sindinakondwerepo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Tinadikira mpaka mutu womaliza utabisika kuseri kwa masuku, ndipo pamenepo Mayi Mariya anayamba nthungululu, azakhali n'kulandira. Shehe anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkalumpha uku ndikulira, ndipo azakhali anandikokera pachifuwa n'kundipatsa makoko a mpunga a pansi pa mphika. Mlatho unamangidwa ndi miyala ya mumtsinje ndi mitengo. Tinaisenza ife ana masiku atatu, ndipo ine ndinkasankha yaikulu dala.

Chaka chotsatira azakhali anaphikanso sadaka, poti munthu sunganene kuti ndiwe mwini maliro kamodzi kokha. Anapitiriza mpaka miyendo itakana chitunda, ndiye ndinatenga ine. Lero phiri lija lili mbee, masuku anathera m'matumba a makala, ndipo m'mbali mwa msewu anthu amakhala tsiku lonse kuswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Zoopa galimoto zija zinatha, koma njala ya miyala ndiye yakula. Adzukulu anga amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ogona m'nyumba ija ndi magazi athu enieni, ndipo ine sindinawatsutsepo.

Mwezi wathawu kunabwera anyamata awiri oswa miyala. Anavula zipewa, n'kunjuta pakhonde panga. Anati afunsa mudzi wonse za chimwala chafulati cha kuphiri, ndipo aliyense wawauza kuti akaonane ndi mwini manda.

Ndinawapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti mwini wake ndine, ndipo ndakana.