Tsiku Limene Ndinapita ndi Tadala ku Boma

Tinanyamuka kwathu kwa Kaphuka Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Juni, chisanu chikuluma makutu. Tinali ine, mwana wanga Tadala wa zaka khumi ndi zitatu, ndi thumba la mbatatesi. Thumbalo sindinalitengere malonda ayi. Ndinkafuna kuti otiona aziti tikupita kumsika, poti kunena kuti mwana akudwala maganizo ndinkachita nako manyazi.

Chimwalirireni mayi ake, Tadala anasiya kulankhula, sukulu anaisiya, chakudya ankangochiyang'ana. Ine ndinkati ndi ulesi, ndipo tsiku lina ndinamukwapula. Ulendowu anachita kundikakamiza ndi mlongo wanga.

Wakabaza wa njinga yamoto anatitchaja K4,000 kukafika pa Linthipe, thumba K1,000 payokha.

"Mbatatesi zochepa chonchi mukapindula nazo chiyani, ababa?" anatero.

"Yang'ana msewu iwe," ndinamuyankha.

Pa Linthipe tinafika cha m'ma eyiti. Kondakitala wa minibasi ankakuwa kuti malo atsala a munthu mmodzi, koma anatipanikiza tonse awiri, K3,500 aliyense. Mayi wina amene anafungata nkhuku anamuyang'anitsitsa Tadala.

"Mtsikanayu wafooka. Wadwala chiyani?"

"Malungo," ndinanama.

"Malungo chisanu chonsechi? Pepa mwanawe." Anamupatsa chigumu. Tadala anachilandira ndi manja awiri n'kungochisunga mpaka phiri la Dedza linaonekera ndi mitengo yake ya paini.

Tinatsikira pamsika. Nditaona mnzanga wa kumphakati akugula feteleza, ndinabisala kuseri kwa mulu wa kaunjika, ine bambo waimvi, mwana ataima yekha pamsewu. Pachipata cha chipatala mlonda anatiimitsa.

"Malonda salowa muno, bambo."

Ndinamunong'oneza chimene tabwerera. Sanadabwe n'komwe. "Chitseko chachitatu kumanzere. Thumba siyani pano."

Tinadikira pabenchi mpaka cha m'ma leveni. Anesi, mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, anandifunsa kuti zinayamba liti. Nditati papita chaka ndi theka, anaika pansi cholembera. Kenako anafunsa sukulu ya mwanayo, ndipo ndinaitchula.

"Aa, kumeneko! Zaka ziwiri zapitazo kunabwera kathandizo. Tinapempha kuti aphunzitsi awiri aphunzire kuzindikira msanga ana ovutika mumtima ndi kucheza nawo. Komiti ya sukulu inasankha kumanga mpanda. Mwanayu akanathandizidwa mwezi woyamba womwe, pakhomo pomwepo."

Abale inu, wapampando wa komitiyo ndinali ineyo. Ndine amene ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Mwana nkhawa aitenga kuti? Amagula feteleza?" Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndalama inapita ku njerwa ndi simenti. Anesiwo sindinawauze. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Ananditulutsa kuti acheze ndi Tadala paokha. Ndili panja ndinamva mwana wanga akulankhula, mawu ambirimbiri otsatana, kenako kulira. Ndinali nditaiwala mmene mawu ake amamvekera. Anauza munthu wachilendo zimene ine bambo wake sindinamufunsepo.

Potuluka anesi anati si misala, si ulesi, ndi chisoni chimene chakhalitsa, ndipo chimachira. Koma azibwera milungu iwiri iliyonse osadumphitsa. "Ambiri amabwera kamodzi, makolo akachita manyazi basi, sitiwaonanso," anatero.

Mbatatesi ndinamusiyira mlonda uja. Tinalowa mutiyirumu ya pafupi ndi depoti, tiyi wamkaka ndi mabanzi awiri K2,500. Tadala anamwa theka, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Ababa, ulendo winawo tidzabweranso?"

"Tidzabwera."

"Nanga anthu akafunsa, muziti ndikudwala chiyani?"

Ndinangolipira tiyiyo n'kunyamuka naye. Njira yonse yobwerera funsolo linali m'mutu mwanga. Ndinazindikira kuti chimene chinachedwetsa mwanayu si mtunda wa ku Boma kapena mtengo wa minibasi, koma ine mwini.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Pamjigo panali amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo a Nachisale, amene nkhani sigona m'kamwa mwawo, anatipatsa moni.

"Mwayenda bwanji? Mitengo ili bwanji kumsikako?"

Tadala anaweramitsa mutu kudikira bodza lina.

"Sitinapite kumsika," ndinatero. "Tinali kuchipatala. Tadala akudwala maganizo chimwalirireni mayi ake, ndipo ine ndinamuchedwetsa. Tipitanso Lachiwiri la sabata la mkuja."

Mjigo unaima. Mayi wina amene anali kumapeto kwa mzere anatula ndowa yake pansi.

"Mukamapita mudzandiuze," anatero. "Wanganso wasiya kudya."