Chala chopanda mizere

Nzimbe ndinazidula kuyambira ndili ndi mano onse. Pa esiteti akanakhala kuti ukapitawo amapereka poona kukula kwa mawu, bwenzi ndili bwana, chifukwa ine ndikaitanitsa madzi pakati pa munda amandimva a kumsewu. Koma msana utayamba kukana, anandiuza kuti ndikapume. Kupuma kwake kunali kukhala pansi pa msangu n'kumathamangitsa ntchentche.

Ndiye kunabwera a bungwe lina. Anati ife otha ntchito tiphunzire kukonza njinga, komanso kasungidwe ka ndalama, m'chipinda cha kutchalitchi. Wobwera masiku onse adzalandira bokosi la zida: masipanala, pampu, guluu womatira machubu. Bokosi limenelo ndinalifuna, sindinama. Njinga za kabaza zimaphulika tsiku lililonse pamsewu wathu, ndipo wokonza analipo mmodzi yekha, woledzera.

Mphunzitsi anali mtsikana wa kumtunda, wosazolowera dzuwa lathu, ankangodzikupiza ndi kope. Za ndalama ankatiphunzitsa ndi nyemba: mulu uwu wa chakudya, uwu wa fizi, uwu wosunga. Mnzanga wina, msodzi wa kudambo amene bwato lake linapita ndi madzi, anamufunsa ngati nyembazo tingapite nazo tikaweruka, poti kunyumba ndiwo nkhabe, kulibiretu. Ifetu kusunga timadziwa. Chosungacho ndiye chimasowa. Komabe ndinapita tsiku lililonse, wapansi, dzuwa likuwotcha pankhongo.

M'mawa uliwonse pankakhala pepala la obwera. Odziwa kulemba ankasaina, ena ankadinda chala. Ine dzina langa ndimalidziwa kulemba, koma limanditengera nthawi, lilime kunja, thukuta kamukamu. Sindinafune kuti anzanga aone zimenezo. Ndiye ndinkakuwa kuti cholembera n'cha makalaliki, mwamuna weniweni amadinda, n'kuponda chala pa inki mwamphamvu.

Tsiku lomaliza anabwera bwana wa ku ofesi yawo, mabokosi ali pagalimoto. Anaitana mayina onse, langa ayi. Ndinafunsa chifukwa, ndipo ndikafunsa ine malata amanjenjemera. Iye anangondionetsa pepala lija. Zala za anzanga zinali ndi timizere tozungulira bwinobwino. Changa chinali banga lakuda basi, ngati pogwera chitosi. Chigwiriro cha chikwanje chinadya mizere yonse, ine osadziwa. Bwanayo anati banga lotere atha kudinda aliyense, ngakhale ndi chigongono, ndipo kulikulu sakavomera kuti ndinkabwera ndine.

Mphunzitsi anandiikira umboni kuti sindinajombepo, mwinanso anatopa nane. Bwana anati umboni ndi pepala. Mtsikanayo anayang'ana pansi, kenako anati, “Agogo, ngati mungathe, lembani dzina lanu pambali pa banga lililonse. Tidikira.”

Mabanga anali ambiri, tsiku lililonse lake. Ndinakhala pabenchi, cholembera chikuterereka pachala chosalala chija. Ndinalemba loyamba, lachiwiri, lilime linatuluka lokha. Anthu onse ali chilili, mabokosi awo m'manja, kundiyang'ana.

“Lero wailesi yatha mabatire,” anatero msodzi uja.

Ndinangopitiriza kulemba. Ndikanayankha ndikanaiwala chilembo chotsatira. Pofika dzina lomaliza dzanja linali litauma, dalaivala ataliza hutala kawiri. Bwana anayang'ana pepalalo, n'kundipatsa bokosi. Takhuta wanga, zikomo wa kwathu kuno, anatuluka wamng'ono, ndinadzimva ndekha.

Bokosilo ndili nalo, pansi pa msangu womwewo. Machubu ndimamata, mpweya ndimapopa. Koma pali tizitsulo tobulungira ta m'kati mwa gudumu, tating'ono ngati mapira. Ndikatigwira chala sichimva kuti ndagwira, timagwera mumchenga, ndimakwawa kutifunafuna mwini njinga ataima. Ntchito imeneyo, imene ili ndi ndalama, ndimaitumiza kwa woledzera uja. Mawu ndikadali nawo. Ndimamuitana ndili pompano, ndipo amamva.