Mayi a pa Tebulo Lopanda Kanthu

Pakona ya msewu wathu ku Chikanga pamakhala mayi ena ogulitsa tomato ndi mafuta ophikira. Amafika makombi, maminibasi a kuno, asanayambe kuliza mahutala, n'kukhala pa kireti atatambasula miyendo, poti mawondo anawathera kalekale. Salankhula zambiri. Munthu akawalozetsa foni kuti awajambule, amangoyang'ana kumbali n'kunena kuti, "Gulani, apo ayi dutsani."

Mwana wawo wamkazi, Dorica, ali ku koleji. Chaka chino anadzisankhira yekha phunziro lina losakakamiza, lofufuza mmene nyuzipepala ndi wailesi yakanema zimaonetsera amayi ndi abambo. Tsiku lina anafika pakonapo akupuma mwawefuwefu. Mphunzitsi wawo anali ataonetsa kalasi yonse chithunzi cha m'nyuzipepala ya mu 2008: mayi atagwira tsaya, tebulo lake lili mbee, m'munsi mwake atalembamo za njala. Mayi wa pachithunziyo anali mayi ake omwewa.

Mayiwo anachiyang'ana pa foni ya mwanayo kwa nthawi yaitali.

"Tsiku limeneli ndinachokera ku Mozambiki nditasenza mpunga," anatero. "Pofika masana unali utatha, msewu wonse uno unadya. Apa ndinangokhala pansi kuti miyendo ipume. Wojambulayo sanandifunse ngakhale dzina."

"Mhamha, tiyeni mukanene zimenezi m'kalasi mwathu!" anatero Dorica kwa mayi akewo.

Mayiwo anapukusa mutu, n'kuyamba kusanja tomato amene anatsala.

"Mwanangu, ine ndatopa. Ukawauze ndiwe. Mpunga womwewo ndi umene unakulowetsa sukulu."