Hutala Imene Sindinaimbe

Lamulo limene kapitawo wathu ku shedi ya mpunga ku Karonga ankalibwereza mpaka kutitopetsa nalo linali la hutala. Ukanyamula matumba pa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, kutsogolo suona bwino, ndiye usanasunthe uimbe hutala, ndipo munthu akakhala m'njira uime mpaka achoke. Ine ndinkaimba mosanyengerera. Ndinkaimbira alimi, madalaivala a malole a ku Tanzania, ngakhale kapitawo mwini wakeyo, ndipo ndinkayenda modzimva kuti zaka zonsezo sindinagundepo ngakhale mphaka.

Kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakwatira ku Wovwe. Ndinaleredwa kuti apongozi suphana nawo maso, ukawaona m'njira umapatuka. Apongozi anga aamuna nawonso ndi munthu wosalankhulalankhula, choncho tinkalemekezana chapatali.

Tsiku lina m'mawa anabwera ndi mpunga wawo pa lole ya alimi anzawo, ine osadziwa. Ndikutuluka pakhomo la shedi ndi matumba, ndinawaona ataima pakati pa mizere yachikasu pomwe woyenda pansi saloledwa. Anali atandifulatira, akumanga thumba lomwe linamasuka. Makina opunthira mpunga ankasokosera, moti sakanandimva. Chala chinafika pa hutala, koma sindinadinikize. Kuimbira apongozi hutala pamaso pa anthu a kumudzi kwawo, ngati ndikupirikitsa mbuzi pamsewu? Ndikanatha kuima, kutsika n'kukawapempha bwinobwino, koma kumeneko kunali kuwauza zochita pagulu. Ndinadzinamiza kuti mpata ulipo, ndingodutsa osawasokoneza.

Fokolifiti imakhota ndi matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko kumakankhukira kumene iwe sukuyang'ana. Zimenezi anzanga ndinkawaphunzitsa ndine ndemwe. Kutsogolo kunadutsa bwino. Pokhota, iwo anabwerera pang'ono m'mbuyo, tayala n'kuwaponda phazi. Sanakuwe. Anangokhala pansi atagwira mwendo.

Kuchipatala anati mafupa a phazilo athyoka. M'mawa mwake kapitawo ananditenga kukawaona, chifukwa ankayenera kulemba lipoti.

"Kodi hutala munaimva, bambo?" anafunsa kapitawo.

Apongozi anayang'ana kudenga. "Ndinaimva, bwana. Mkweni wane, mkamwini wangayu, anaimba. Ndine ndinachedwa kuchoka."

Kapitawo anacheukira kwa ine. Pakamwa ndinali napo, mpata ndinali nawo. Ndinawerama n'kumayang'ana nsapato zanga, iye n'kulemba zomwe anamvazo.

Ntchito siinandithere. Dzuwa lomwelo ndinabwerera pa fokolifiti, anzanga akundipepesa ngati wopondedwa ndine. Chaka chimenecho apongozi sanalowe m'munda, chifukwa phazilo silinkalola matope, ndipo mpunga anawokera apongozi aakazi ndi mkazi wanga. Kwa nthawi yaitali zomwe ndinachitazo ndinkazitcha ulemu. Sunali ulemu ayi. Ndinaopa kusekedwa kwa mphindi imodzi, munthu wamkulu n'kulumala chifukwa cha mantha angawo, kenaka n'kumusiya aname ponditeteza. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Mkazi wanga sadziwa. Nkhaniyi ikabwera amadzudzula bambo ake kuti ali ndi nkhutukumve, angamve bwanji hutala osachoka. Iwo amangovomera kuti, "Enya, mwana wane."

Tikapita ku Wovwe ndimawapeza atakhala kale pampando pansi pa mango. Amandilonjera, amafunsa za ntchito, koma sadzuka ine ndikuona. Amadikira ndiyambe ndazungulira kuseri kwa nyumba, kuti ndisawaone akutsimphina.