Zala za Kettie Zinakhala Lamulo

Pamene adokotala anamuuza kuti maso ake sadzaonanso, Kettie anali Folomu 3. Anabwerera kwawo ku Senga Bay n'kumangokhala pakhonde, kumamvera anzake akudutsa kupita kusukulu. Achibale ena anali atayamba kale kumufunira mwamuna woti azingomusunga.

Kettie anakana. Anapita kusukulu ina ya ku Salima komwe kunali chipinda cha ana osaona, naphunzira kuwerenga zilembo zamadontho ndi zala. Koma mabuku a Folomu 4 a zilembo zoterozo kunalibe, ndipo ahedi ananeneratu kuti akalephera mayeso a chaka chimenecho, malo ake apatsidwa kwa wina.

Sukuluyo inali ndi makina osindikiza madontho kuchokera pa disiketi ya kompyuta. Chosowa chinali anthu otayipa mabukuwo. Nkhani itamveka, anadzipereka anthu a m'mahotela a kunyanja, poti ndiwo anali ndi makompyuta masiku amenewo: bambo Lawson olandira alendo, mayi Agnes mlembi, ndi bambo Twaibu osunga katundu. Anagawana mabuku, kumatayipa ulele akaweruka.

Mtima anali nawo, koma aliyense anatayipa mmene anazolowerera kuntchito. A Lawson anakongoletsa gawo lawo la buku la Bayoloje ngati menyu ya kuhotela, mawu m'magawo awiri oyandikana. Disiketi ya mayi Agnes makina anangoikana. A Twaibu anadumpha zithunzi ndi mapu onse, ati wosaona alibe nazo ntchito.

Aphunzitsi atawapempha kuti atsate njira imodzi, panabuka mkangano. Munali mu 1996, anthu atangolawa ufulu wa zipani zambiri, moti ngakhale pa nkhani ya disiketi munthu ankayankha kuti, "Ndi ufulu wanga." Aliyense anakakamira njira yake, uku miyezi ikutha.

Lamulungu lina Kettie anakwera matola yekha, ndodo kumanja, mapepala m'khwapa, nawasonkhanitsa atatuwo kuseri kwa hotela ina. Sanadandaule. Anaika zala papepala n'kuyamba kuwerenga mokweza zimene makina anatulutsa. Chiganizo cha mapapo chinaduka pakati n'kulowa m'chiganizo cha chiwindi. Kenako anatenga pepala la a Twaibu nawerenga kuti, "Onani chithunzi chili m'munsichi." Zala zinatsetsereka papepala losalala, iye n'kufunsa:

"Apa panali chiyani, bambo Twaibu?"

"Panali chithunzi cha mtima, mwanangu."

"Nanga akadzandifunsa pamayeso, ndidzayankha kuti panali?"

A Twaibu anagwira pakamwa. "Wallahi, sindinaganize zimenezo."

"Ndiye tingovota," anatero a Lawson. "Njira yopambana titsate yomweyo."

"Musavote ayi," anayankha Kettie. "Nonse mutayipe tsamba limodzi lomwelo. Limene zala zanga zikawerenge osapunthwa, njira ikhale imeneyo."

Anayesa, nalephera, nayesanso. Tsamba lililonse linkapita kumakina, kenako kuzala za Kettie. Mapeto ake anamvana: zokongoletsa ayi, mutu uliwonse pawokha, nambala ya tsamba pamzere wakewake kuti azipeza pomwe aphunzitsi ali, ndipo chithunzi chilichonse chifotokozedwe m'mawu. Mayi Agnes anatayipanso buku lonse osanyinyirika. A Lawson anachotsa zokongoletsa zawo zonse, ngakhale zinawawawa.

Ine ndakhalapo m'makomiti ambiri, ndipo ndikudziwa mmene akuluakulu amaumira khosi. Mpaka lero ndimagoma ndikaganiza kuti anthu atatu olemekezeka, osalipidwa, anataya ntchito ya miyezi n'kugonjera zala za mtsikana amene achibale anamuona ngati watha.

Nthawi inali itachepa. Kettie ankawerenga mutu uliwonse ukangotuluka pamakina, mpaka nsonga za zala zinachita dzanzi. Masukulu ena atamva, anayamba kutumiza madisiketi opanda kanthu kuti awakopere mabukuwo, ndipo otayipa atsopano ankafunsa funso limodzi: "Kodi zala za Kettie zavomera?"

Zotsatira zitatuluka, ahedi anaimirira pamaso pa sukulu yonse ndi kutchula dzina lake pakati pa okhoza. Ana anayamba kuwomba m'manja asanamalize.

Inu amene mukuti zanu zinada, taganizani za mtsikana ameneyu. Mwina okuthandizani alipo kale, kungoti aliyense akukokera kwake. Dzukani, kawapezeni, muwaonetse pomwe pakukupwetekani. Musataye mtima mayeso anu asanalembedwe.